Kuchokera pa Babu la Makaniko Kufika pa Multimeter

Galimoto ikakana kulira m'mawa ku Chilobwe, mlandu umagwera batire. Mwini wake amaitana anyamata kuti akankhe, ndipo popeza misewu yambiri ya kumeneko imatsetsereka kuchokera m'tsinde mwa phiri la Soche, injini imalira ndithu. Ikakananso mawa lake, munthuyo amathamangira ku Limbe kukagula batire latsopano. Pakatha sabata nalonso laphwa, chifukwa chimene chinkadwala si batire ayi, koma alternator imene imayenera kulitchaja. Ndalama zapita chifukwa chongoganizira. Vuto la magetsi ndi loti saoneka ndi maso, ndipo anthu anavutika zaka zoposa zana kuti apeze kachida kowayezera kamene lero timakatcha multimeter. Mbiri ya kachidaka ikhoza kumuthandiza munthu amene akufuna kugula koyamba kuti adzikonzera yekha galimoto pakhomo.

Nkhaniyi imayamba m'chaka cha 1800 pamene Alessandro Volta wa ku Italy anapanga batire loyamba. M'chaka cha 1820, Hans Christian Oersted wa ku Denmark anaona kuti singano ya kampasi imagwedezeka ikayandikira waya amene mukuyenda magetsi. Apatu ndiye panali pogwira: chosaonekacho chinali chitasuntha chinthu chooneka. André-Marie Ampère wa ku France anafufuza nkhaniyi mozama, ndipo mu 1827 Georg Ohm wa ku Germany anafotokoza lamulo lolumikiza mphamvu yokankha magetsi, kuchuluka kwa magetsi oyendawo, ndi kukana kwa njira imene akudutsamo. Maina a anthu atatu mwa awa ndiwo anasanduka miyeso itatu: volt, ampere ndi ohm.

Munthu wa mu Blantyre sangavutike kumvetsa miyeso imeneyi, pakuti amaiona pampopi. Madzi a mumzindawu amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amakwera mtunda wautali asanafike kwa ife. Volt ili ngati mphamvu imene ikukankha madziwo: ikachepa, a kumtunda kwa phiri amagona ndi ludzu. Ampere ndi kuchuluka kwa madzi amene akudutsa m'paipi. Ohm ndi kuthina kwa paipiyo, kapena zinyalala zimene zatsekamo.

Kwa nthawi yaitali muyeso uliwonse unali ndi chida chakechake. Amene anatopa nazo anali Donald Macadie, injiniya wa ku Post Office ya ku Britain, amene ntchito yake inali ya matelefoni. Iye anaphatikiza zida zitatu m'bokosi limodzi, ndipo bokosilo linayamba kugulitsidwa mu 1923 ndi dzina loti Avometer, kuchokera ku zilembo zoyamba za ampere, volt ndi ohm. Linali bokosi lolemera, lokhala ndi kamuvi koloza manambala, ndipo linapangidwabe mpaka chaka cha 2008.

Komatu makaniko wa galimoto sanafulumire kulifuna bokosi limeneli. Magalimoto oyambirira ankalizidwa ndi handulo, imene nthawi zina inkabwerera n'kuthyola dzanja la mwini wake. Batire la mtovu ndi asidi, limene Gaston Planté anapanga mu 1859, linakhazikika m'galimoto pamene Charles Kettering anaika sitata ya magetsi mu Cadillac ya 1912. Mabatire a mavolt 6 analowedwa m'malo ndi a mavolt 12 m'zaka za m'ma 1950, ndipo alternator inayamba kufala m'zaka za m'ma 1960. Ngakhale zinali chomwecho, magalimoto amene ankayenda m'misewu ya kuno dziko litangolandira ufulu, monga Land Rover, Peugeot 404 ndi malole a Bedford, anali ndi mawaya owerengeka. Amene anaphunzira ku Polytechnic, imene inatsegulidwa mu 1965, kapena ku sukulu ya ntchito zamanja ya Soche, ankadziwa mita ya kamuvi. Koma amakaniko ambiri anaphunzirira pansi pa mtengo, akupatsira masipanala kwa akuluakulu, ndipo chida chawo chinali babu la galimoto lomangiriridwa mawaya awiri. Waya mmodzi ankagunditsa pa chitsulo cha galimoto, wina pamalo okayikitsa. Babu likayaka, moto ulipo. Likapanda kuyaka, moto palibe. Tisachinyoze chida chimenechi, pakuti chinalera ana ndi kulipira sukulu, ndipo pa galimoto za nthawiyo chinkanena zoona.

Zinthu zinatembenuka m'zaka za m'ma 1990. Malonda atamasulidwa, maminibasi anadzaza misewu ya Blantyre, ndipo kampani ya Stagecoach, imene inagula mabasi a UTM mu 1989, inachoka m'dziko muno mu 1997. Pambuyo pake panasefukira magalimoto ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan, ambiri otsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe. Mphunzitsi, namwino ndi wamalonda wa mumsika anayamba kukhala ndi galimoto pakhomo. Koma galimoto zimenezi zinabwera ndi mlendo pansi pa boneti: kompyuta yolamulira mafuta ndi moto wa injini, pamodzi ndi tizida tambiri toiuza kutentha kwa injini, kuchuluka kwa mpweya ndi liwiro. Tizida timeneti timagwira ntchito ndi mavolt 5 kapena ochepera apo. Babu la makaniko limamwa magetsi ambiri kuti liyake, motero likagunda waya wa kompyuta likhoza kuiononga. Chinanso, babu silitha kusiyanitsa mavolt 12.6 ndi mavolt 12.0, chonsecho pakati pa manambala awiriwa pali batire lodzaza ndi batire lotsala pang'ono kutheratu.

Mwamwayi yankho linali litapezeka kale. Mu 1977 kampani ya Fluke ya ku America inatulutsa multimeter yogwira m'manja yoonetsa manambala pagalasi, ya mtundu wa 8020A. Mita yotere imangolawa magetsi pang'ono zedi poyeza, chifukwa kukana kwake kumafika pa maohm 10 miliyoni, choncho siisokoneza kompyuta. Mafakitale a ku China atayamba kupanga zoterezi mochuluka, mtengo unagwa mpaka zinafika m'mashopu a ku Limbe ndi pa mabenchi a ogulitsa zamagetsi m'misika.

Tsono wogula koyamba asankhe iti? Mbiri yatiyankha kale mbali imodzi: ya kamuvi inali ya galimoto zakale, ndipo pa galimoto ya kompyuta pafunika ya manambala. Ntchito yaikulu ya mwini galimoto ndi kuyeza mavolt a batire, motero mitayo ikhale ndi malo olembedwa 20 pa chigawo cha DC, kapena ikhale yodzisankhira yokha muyeso. Injini itazima kwa maola angapo, batire labwino limaonetsa pafupifupi 12.6, likaonetsa 12.2 lili pakati. Pamene sitata ikuzungulira, nambala isatsike kupitirira 9.6. Injini ikalira, nambala ikwere kufika pakati pa 13.8 ndi 14.4, ndipo ikangokhala pa 12 pomwepo, kawirikawiri wolakwa ndi alternator, lamba wake kapena mawaya ake. Miyeso itatu yokhayi imathetsa milandu yambiri ya galimoto yokana kulira.

Chofunika kuchiyang'anitsitsa, chimene ogula ambiri sachifunsa n'komwe, ndi fyuzi. Multimeter imakhala ndi bowo lolembedwa 10A loyezera ma-ampere. Muyeso umenewu umathandiza pofufuza chimene chikuba moto usiku galimoto ili chiimire, monga wailesi yolumikizidwa molakwika. Galimoto yabwino ikapumula siyenera kumwa kupitirira 0.05 ya ampere. Koma munthu akaiwala chingwe chofiira m'bowo limenelo n'kugunditsa nsonga zonse ziwiri pa mitu ya batire, mita imasanduka njira yachidule ya moto. Batire la galimoto limatha kutulutsa ma-ampere mazanamazana nthawi imodzi. Ngati m'katimo muli fyuzi, imapsa ndi fyuziyo basi. Mita zambiri zotsika mtengo zilibe fyuzi pa bowo limeneli, ndipo zina zimachita kulemba mawu oti "unfused" pambali pake. Pa zoterezi zingwe zimasungunuka m'manja, pafupi ndi batire limene limatulutsa mpweya wosachedwa kuphulika. Chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere: wogula asakopeke ndi mtundu wachikasu wowala, koma awerenge zolembedwazo, agwire zingwe aone ngati n'zokhuthala, ndipo agunditse nsonga ziwirizo amve ngati mita ikulira.

Kulira kumeneko ndi ntchito ina yofunika. Mita ikaikidwa pa chizindikiro cha kabelu imalira ngati njira ya magetsi ili yosaduka, choncho munthu amadziwa fyuzi yakupsa kapena waya woduka ali chigonere pansi pa chiwongolero, osayang'ana pagalasi. Koma belu limanyenganso. Waya wamkulu wa sitata atadyedwa ndi dzimbiri n'kutsala kaulusi kamodzi, belu lidzalirabe, ngakhale kaulusiko sikangadutse ma-ampere oposa 100 amene sitata imafuna. Apa munthu amayeza mavolt pakati pa nsonga ziwiri za waya yemweyo wina akuliza injini. Akaposa theka la volt, ndiye kuti pathina. Ku Chilobwe dzimbiri si nkhani yachilendo. M'mwezi wa Marichi 2023, namondwe wa Freddy anagumula phiri la Soche, matope ndi miyala zinakokolola nyumba, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo. Pambali pa chisoni chachikulu chimenecho, galimoto imene yamizidwa m'matope imadwala mwakachetechete kwa miyezi yambiri, chinyezi chikudya polumikizira mawaya mmodzimmodzi.

Pali malire amene wophunzira ayenera kuwadziwa. Magetsi a m'nyumba a ESCOM ndi a mavolt 230, ndipo amapha. Mita yoyenera kuwayandikira imakhala ndi chizindikiro cha CAT II kapena CAT III. Nazonso galimoto za ku Japan zasinthanso. Toyota Prius inatuluka mu 1997 ndipo Toyota Aqua mu 2011, ndipo lero magalimoto oyendera mafuta ndi magetsi pamodzi akuoneka m'misewu ya Blantyre. Kuwonjezera pa batire laling'ono la mavolt 12, iwo ali ndi lina lalikulu, la mavolt 144 mu Aqua yoyambirira ndi oposa 200 mu Prius. Mawaya a batire limeneli anawaveka mtundu wa lalanje mwadala. Mwini galimoto akhoza kuyeza batire laling'ono lija monga mwa nthawi zonse, koma akaona waya wa lalanje achotse dzanja, atseke boneti, apite kwa amene anaphunzira ntchitoyo ndipo ali ndi magolovesi ake.