Mpata si wa ntchito wokha

Mnzanga wa kuno ku Gaborone atabwerako ku Goo-Moremi, m'mapiri a Tswapong kum'mawa kwa Palapye, anati waona "chigwa chokongola". Ayi achimwene, chimenecho si chigwa. Chigwa chimatambalala, anthu nalimamo, monga cha Shire ku Chikwawa. Pamene madzi ang'amba phiri, matanthwe naima ngati zipupa mbali zonse ziwiri, timati mpata.

Ambiri lero amangodziwa mpata wa ntchito, kapena woti "ndipatseni mpata ndilankhule". Komatu poyambira pake ndi danga lenileni lodutsapo. Mawuwa sitinabwereke kwa wina. Tsinde lake ndi lomwelija la chipata cha pa mpanda, ndiponso la Chipata wa ku Zambia, yemwe kale ankatchedwa Fort Jameson. Mumalimvanso mu Mpatamanga, pamene Shire amapanikizika pakati pa miyala akulirima.

Ndiye mukamakwera kanjira ka ku Moremi, mathithi akukuwazani, miimba ikuzungulira pamwamba pa zisa zake m'matanthwe, uzani ana kuti mwalowa mumpata. Kumene mukuopa kusuzumirako mutafika pamwamba, ndiko kuphompho.