Zaka 250 za chipala cha a Garrett ku Leiston

Mu 2028 zikwana zaka 250 chiyatsireni moto Richard Garrett m'chipala chake ku Leiston, katauni ka m'chigawo cha Suffolk ku England. Munali mu 1778, ndipo mkuluyu ankasula zikwakwa ndi zida zina za alimi. Ntchito inkasiyiranidwa bambo ndi mwana, dzina loti Richard nalonso chimodzimodzi, koma amene anaikuza n'kukhala fakitale yodziwika kunja ndi mdzukulu wake, Richard wachitatu.

Iyeyu anakaonetsa makina ake pa chionetsero chachikulu cha ku London mu 1851, nabwerako ndi maoda oti anthu ake sakanakwanitsa. Alimi ankalimbirana injini za nthunzi zokhala pa mawilo anayi. Mahatchi ankaikoka injiniyo mpaka pafamu, anthu n'kuisonkhezera malasha, n'kukoloweka lamba wautali wozunguza makina opunthira tirigu.

Zimene anachita pofuna kukwaniritsa maodawo ndi zomwe ndikufuna tizikumbukire kwambiri. Pakati pa 1852 ndi 1853 anamanga nyumba yaitali yotchedwa Long Shop. Boila yopanda kalikonse inkalowera mbali imodzi ili pa mawilo ake, n'kumakankhidwa pang'onopang'ono kudutsa pakati pa nyumbayo. Mmisiri sankayendayenda kusaka ntchito, ntchito ndiyo inkamupeza pamalo pake, iye n'kumangirira gawo lake, injini n'kupita kwa mnzake. Tizitsulo ting'onoting'ono tinkapangidwa pamakonde a m'mwamba n'kumatsitsidwa pansi. Pofika kutsidya inali injini yathunthu. Anthu a ku Leiston ankaitchula nyumbayi kuti katedralo chifukwa cha kutalika kwake ndi mawindo ake. Zimandiwawa kuti nkhani ya kapangidwe ka zinthu motsatana chonchi ambiri amaiyambira pa Henry Ford mu 1913, pamene amisiri a kumudzi ku Suffolk anali atayamba kale zaka 60 m'mbuyomo.

Banjali linali ndi anthu olimba mtima. Elizabeth Garrett Anderson, mwana wa Newson mng'ono wake wa Richard wachitatu, ndi amene mu 1865 anakhala mkazi woyamba kulandira chiphaso cha udokotala ku Britain.

Injini zambiri zinkagulitsidwa kunja, ndipo msika umenewu ndi womwe unapweteka a Garrett. Boma la Russia litagwa mu 1917, ngongole za kumeneko zinapita osabwezedwa. Injini za petulo ndi dizilo nazo zinali zitayamba kulanda malo. Nkhondo yoyamba ya padziko lonse itatha, a Garrett analowa m'gulu la makampani la Agricultural & General Engineers, lomwe linagwa mu 1932. Kampani ya Beyer, Peacock ya ku Manchester inagula fakitaleyo, ulamuliro wa banja n'kuthera pomwepo.

Antchito anapitiriza kupanga makina ena mpaka fakitale inatsekedwa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Nyumba zambiri zinagumulidwa, koma anthu a m'deralo anaumirira kuti Long Shop isagwe, ndipo mu 1984 inatsegulidwa ngati nyumba yosungiramo zinthu zakale, mmene alendo amakaona injini za a Garrett pamalo pomwe zinapangidwira.