Mzinda Wakale wa Tete

Ku Spain, dziko la ku Ulaya, kuli mizinda yakale monga Toledo ndi Burgos. Alendo amayenda mtunda wautali kukaiona. Amaona malinga ndi machalichi, amalawa vinyo wa kumeneko, nasiya ndalama. Ife a ku Benga tili nawo mzinda wotere pafupi. Tikaima pamene Revúbuè amathira madzi ake mu Zambezi, mzinda wa Tete uli kutsidya, cakumtunda pang'ono. Ambiri timapitako kukagulitsa makala, mbuzi ndi masau. Koma ndani wa ife anafunsapo mbiri yake?

Tete sanayambe ndi Apwitikizi. Eni dziko amachula malowa kuti Nyungwe. Kalekale amalonda Acisilamu ocokera ku nyanja ya mcere ankafika kuno ndi nsalu ndi mikanda. Pobwerera ankasenza golide ndi minyanga ya njovu. Apwitikizi anadzakhala kuno ca m'ma 1530, potsata golide wa Mwene Mutapa. Pambuyo pake anamanga linga la São Tiago Maior m'mbali mwa mtsinje. Linamangidwanso m'zaka zotsatira, ndipo makoma ake a miyala alipo mpaka lero.

Lingalo linkalondera cuma ca anthu ocepa. Mfumu ya Portugal inagawira anthu ake maiko akuluakulu ochedwa prazo. Mwini prazo ankakhometsa alimi msonkho. Anali ndi asilikali ake, akapolo onyamula mfuti, ochedwa Acikunda. M'zaka za m'ma 1800 anthu ambiri anagwidwa m'midzi. Anawatsitsa ndi ngalawa mpaka ku Quelimane, ndipo ena anakagulitsidwa ku Brazil. Sanabwerere.

Kumunsi kwa Tete, pamene Luenha amakumana ndi Zambezi, kunali linga la Massangano. Mwini wake, Bonga, anagonjetsa magulu ankhondo a Apwitikizi pakati pa 1867 ndi 1869. Lingalo linagwa mu 1888, iye atamwalira kale. Bonga anali wolimba mtima, koma tisaiwale kuti nayenso anali ndi akapolo. Mlimi wa nthawi imeneyo ankaopa mbali zonse ziwiri.

Mu March 1856 David Livingstone anafika ku Tete pamodzi ndi Amakololo amene anamuperekeza. Iye analemba za malasha amene anaona m'mitsinje ya kuno kwathu. Malashawo ndiwo anabweretsa njanji ku Moatize mu 1949. Mgodi wa Benga unatsegulidwa mu 2012, ndipo mabanja anasamutsidwira ku Mualadzi, kutali ndi mtsinje, kumene anavutika kupeza madzi.

Mlendo wocokera ku Zóbuè amalowa mu Tete pa mlatho wolenjekeka pa zingwe zacitsulo, umene unatha mu 1973. Lero umachedwa Samora Machel. Mlatho wa Kassuende, wa kuno ku Benga, unatsegulidwa mu 2014. Mphesa za vinyo sizilimidwa m'dziko lathu lotenthali. Cathu ndi masau ndi malambe. Masau ouma amachezedwa kacasu, ndipo ngakhale dzina lakuti kacasu linacokera ku Cipwitikizi.

Mlendo amene wafika ku Tete apitirire kumwera, ku Wiriyamu. Pa 16 December 1972 asilikali a atsamunda anazinga midzi ya kumeneko. Anati anthu ake akuthandiza FRELIMO. Anapha anthu mazanamazana, amai ndi ana omwe, natentha nyumba. Ovulala ena anathawira ku cipatala ca ku Tete, nasimba zimene anaona. Boma la atsamunda linafuna kubisa nkhaniyi.

Amene anaisonkhanitsa ndi kulemba maina a akufa anali ansembe a ku Spain, ochedwa ansembe a Burgos, dzina la mzinda wakale uja. Zolembazo zinatuluka m'dziko mobisa. Pa 10 July 1973 wansembe Wacingerezi, Adrian Hastings, anazifalitsa m'nyuzipepala ya The Times ku London. Boma la Portugal linakana, mpaka kunena kuti mudzi wa dzina limenelo kulibe. Pasanathe caka, pa 25 April 1974, bomalo linagwa. Pa malo a Wiriyamu pali cipilala ca cikumbutso, ndipo caka ndi caka anthu amasonkhanapo pa tsiku la 16 December.