Tokyo, Mzinda Wokulira M'phulusa

Mlendo wofika ku Tokyo amadabwa kuona kuti likulu la Japan, ngakhale lili ndi mbiri yaitali, lili ndi nyumba zakale zowerengeka. Zambiri zinanyeka ndi moto.

Kalelo malowa ankatchedwa Edo, kamudzi ka asodzi. Tokugawa Ieyasu anadzakhazikikapo mu 1590, ndipo mu 1603 anakhala shogun, mkulu wankhondo wolamulira dziko m'dzina la mfumu yaikulu. Mu 1635 mdzukulu wake Iemitsu anakhwimitsa lamulo loti mafumu a zigawo azikhala chaka chimodzi ku Edo, china kwawo, koma akazi ndi ana awo azitsala mumzinda ngati chikole. Anachenjera ndithu: ndani akanaukira boma ana ake ali m'manja mwa shogun? Mafumuwo ankabwera ndi khwimbi la antchito, ndipo amalonda, akalipentala ndi ophika ankawalondola. M'zaka za m'ma 1700 anthu anaposa miliyoni imodzi.

Anthu wamba ankapanikizana m'tinyumba tamatabwa togundana, chitsime ndi chimbudzi zili za onse. Mbaula imodzi ikagubuduka, dera lonse linkasanduka phulusa. Moto wa mu 1657 unalusa masiku atatu. Poona kuti madzi a m'zidebe sakuphula kanthu, ozimitsa moto ankangogwetsa nyumba zoyandikana kuti malawi asowe podumphira.

Mu 1868 Edo anasinthidwa dzina kukhala Tokyo, kutanthauza likulu la kum'mawa, koma mdani uja sanachoke. Pa 1 Seputembala 1923 chivomezi chinagwedeza mzindawu dzuwa lili paliwombo, amayi akuphika nkhomaliro. Anthu oposa 100,000 anafa mu Tokyo, Yokohama ndi madera ozungulira, ochuluka chifukwa cha moto. Pa 10 Malichi 1945 ndege zankhondo za America zinatenthanso mzindawu, ndipo anthu pafupifupi 100,000 anafa usiku umodzi.

Anthu anamanganso, ulendo uno ndi simenti ndi zitsulo. Pofika 1964 Tokyo anachititsa masewera a Olympic, ndipo sitima yaliwiro ya Shinkansen inayamba kuyenda mpaka ku Osaka. Lero mzindawu ndi madera ouzungulira muli anthu oposa 35 miliyoni, amene m'mawa amaunjikana m'sitima, phewa ndi phewa, ali duu. Kuyambira mu 1960, tsiku la 1 Seputembala linapatulidwa kuti anthu aziyeserera kudziteteza pangozi. Belu likalira, ana asukulu amalowa pansi pa madesiki, kenaka n'kutuluka pamzere kupita pabwalo.