Mantha Ofalikira: Mbiri ya Albert ndi Peter

Zoti munthu wolumidwa ndi galu mmodzi amayamba kuopa agalu onse, ngakhale tiana tawo, anthu anazidziwa kalekale. Chimene chinachedwa n'kufufuza mmene zimachitikira. Cha m'ma 1700, John Locke wa ku England analemba kuti mwana woopsezedwa ndi nthano za mizukwa usiku amakula akuopa mdima womwewo. Patapita zaka 200, Ivan Pavlov wa ku Russia anaona kuti galu wozolowera kuchucha dovu akamva kulira kwina kwake, amachuchanso akamva kulira kofanana nako. Koma amenewo anali agalu, ndipo nkhani yake inali ya chakudya.

Kafukufuku wotchuka wa pa munthu anasindikizidwa mu 1920. Pa yunivesite ya Johns Hopkins ku Baltimore, John B. Watson ndi Rosalie Rayner anatenga khanda lomwe analitcha Albert. Ali ndi miyezi 9, Albert sankaopa khoswe woyera, kalulu kapena galu. Atakwana miyezi 11, akamuonetsa khosweyo ankamenya chitsulo ndi hamala kumbuyo kwake. Atatero ka 7, kungoona khoswe mwanayo ankalira n'kukwawa kuthawa. Patadutsa masiku 5 anamubweretsera kalulu, iye n'kuyamba kulira. Chikhoto chaubweya nachonso anachikana. Koma zidole zake zamatabwa ankaseweretsa mosangalala. Mantha anali atatsatira ubweya.

Mabuku amamutamanda Watson, koma ine ndimaona kuti ulemuwo unapyola muyeso. Mwana anali mmodzi yekha, ndipo nthawi zina mantha ake ankaoneka ochepa moti ankachita kumenyanso chitsulo kuti abwerere. Choipitsitsa n'chakuti Albert anachoka pamalopo osachotsedwa mantha amene anamuikawo.

Woyenera nthungululu ndi Mary Cover Jones. Mu 1924 ku New York, mayiyu analemba za Peter, mnyamata wa zaka pafupifupi 3, amene ankaopa kalulu, khoswe, nthenga, thonje ndi chikhoto chaubweya. Mantha amenewa sanachite kumuika, anabwera nawo. Jones, yemwe ankalandira malangizo kwa Watson yemweyo, anayamba n'kumuika pakati pa ana anzake osaopa kalulu. Kenako, Peter akamadya chakudya chimene ankachikonda, ankaika kalulu m'khola chapatali, n'kumasendeza pang'onopang'ono. Mapeto ake mnyamatayo ankamusisita kalulu n'kumulola kumulumaluma zala. Chachikulu n'chakuti nthenga, thonje ndi chikhoto chija anasiyanso kuziopa. Watson anasonyeza kuti mantha amafalikira. Jones anasonyeza kuti kuchira nakonso kumafalikira, ndipo phindu kwa wodwala lagona pamenepo.

Ntchito yake inakhala ngati yaiwalika mpaka Joseph Wolpe, dokotala wobadwira ku Johannesburg amene anathandizapo asilikali pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, atayesa njira yofanana pa amphaka, kenako pa anthu, n'kulemba buku lake mu 1958. Wolpe yemweyo anadzamutcha Jones mayi wa chithandizo chamtunduwu. Mu 2010, Shmuel Lissek ndi anzake ku America anagwiritsa ntchito zithunzi za mphete zosiyana kukula, imodzi yokha ikubwera ndi kugwidwa ndi magetsi pang'ono. Odwala mantha adzidzidzi ankaopa ngakhale mphete zosiyana kwambiri ndi yoopsayo, pamene anthu abwinobwino ankaopa zofanana nayo zokha.

Kwathu kuno nkhaniyi si yachilendo. Munthu amene anapulumuka namondwe wa Freddy ku Chilobwe mu Malichi 2023 akhoza kunjenjemera mvula wamba ikamagunda pamalata. Wopulumuka ngozi ya minibasi akhoza kukana kukwera ngakhale kabaza. Tikamuseka kuti ndi wamantha timangomuwonjezera manyazi, ndipo tikamuthandiza kuzemba chilichonse chomukumbutsa, manthawo amakula. Chimene Jones anapeza chikugwirabe ntchito: kuyandikira choopedwacho pang'onopang'ono, pamalo otetezeka, pali munthu wodalirika. Aphunzitsi, alangizi a zaumoyo ndi atsogoleri a mipingo akanaidziwa njirayi, chifukwa wovutikayo amayamba wafika kwa iwo asanaganize zopita kuchipatala.