Bougainvillea

Bougainvillea ndi chitsamba chaminga choyanga cha m'banja la Nyctaginaceae, chochokera ku South America, makamaka ku Brazil ndi Peru. Katswiri wa zomera Philibert Commerson anachipeza ku Rio de Janeiro paulendo wapanyanja wa Louis Antoine de Bougainville, mwini dzinali.

Zofiira kapena zofiirira zomwe ambiri amati maluwa ndi masamba chabe, opyapyala ngati pepala. Maluwa enieni ndi ang'onoang'ono, oyera, obisala pakati pake.

Pobzala amadula nthambi yokhwima n'kuizika m'dothi losasunga madzi, pamalo adzuwa. Mukachithirira kwambiri kapena kuchulutsa feteleza chimangochita masamba, n'chifukwa chake pamipanda ya m'matauni a Malawi chimakongola koposa m'chilimwe. Chisadzeni maluwa akatha, mutavala magolovesi, poti mingayo imabaya zedi.