Desiki la amai ku Chongwe

Mu 1991 amai anga ali mu Giredi 9 ku Chongwe anatenga mimba yanga, ndipo anawacotsa sukulu. Nthawi imeneyo zinali conco. Atate, amene analinso pa sukulu, anafika Giredi 12 popanda wowafunsa.

Mu 1997 boma linalola atsikana kubwerera akabereka, koma amai anali kale pa Great East Road, kugulitsa makala. Maphunziro aulere a mu 2002 anathera pa Giredi 7. Ku sekondale anafika mu 2022.

Lero ndiphunzitsa ku Lusaka. Mtsikana wina wa Giredi 11 anabwerera atabereka. Mwana wake ali kwa agogo kumudzi, ndipo Lacisanu lililonse amapempha kucoka msanga kuti apeze basi.